Kodi Msilikali Woletsa Mnzake Kudzipha Ayenera Kuvekedwa Mendulo?

Gulu lililonse lankhondo lili ndi njira yothokozera msilikali amene wapulumutsa mnzake pankhondo. Amamuveka mendulo pa perete, dzina lake limalowa m'mabuku, ndipo ana ake amakula akulinyadira. Koma kulinso kupulumutsa kwina kumene kumachitika mfuti zili chete. Msilikali amaona kuti mnzake wasintha, amamufunsa ngati akuganiza zodzipha, amakhala naye mpaka kucha, kenako amamuperekeza kwa dokotala. Moyo wapulumuka chimodzimodzi. Kodi wachita zimenezi ayenera kulandira ulemu wapoyera? Ngati ayenera, ulemuwo uperekedwe motani kuti usapweteke wopulumutsidwayo?

Funsoli likutikhudza kuno ku Kasungu. M'boma lino muli asilikali a Engineers Battalion ya Malawi Defence Force. M'midzi ya kwa Kaomba, kwa Wimbe, kwa Santhe ndi kwina muli mabanja amene ana awo akugwira ntchito ku Kamuzu Barracks ku Lilongwe, ku Moyale ku Mzuzu kapena ku Cobbe ku Zomba. Ambiri akapuma pantchito amabwerera kuno kudzalima fodya ndi chimanga. Mavuto a kubalaki amafika kumudzi, ndipo a kumudzi amafikanso kubalaki.

Mbiri ya ulemu wa kunkhondo

Usilikali wa dziko lino unachokera ku King's African Rifles, gulu limene linakhazikitsidwa mu 1902. Amuna a ku Nyasaland anamenya nkhondo kum'mawa kwa Africa pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, ndipo pa yachiwiri anafika mpaka ku Burma. Titalandira ufulu mu 1964, gululi linasanduka Malawi Rifles. Kuyambira pachiyambi pomwe, kunyamula mnzako wovulala kunkawerengedwa ngati kulimba mtima kwapamwamba. Alexander Cobbe, amene dzina lake linaperekedwa ku balaki ya ku Zomba, analandira Victoria Cross chifukwa cha zimene anachita ku Somaliland mu 1902. Chimodzi mwa izo chinali kutuluka zipolopolo zikuvumba kukanyamula munthu wovulala.

Chitsanzo cha masiku ano ndi msilikali wa Malawi Chancy Chitete. Mu Novembala 2018, asilikali a Malawi ndi a Tanzania osungitsa mtendere anagwidwa pakati pa moto wa zigawenga za ADF pafupi ndi Beni, ku Democratic Republic of Congo. Chitete anaona msilikali wa ku Tanzania, Kopolo Ali Khamis Omary, atavulala pamalo oonekera. Anamukokera pobisika, ndipo akumupatsa thandizo loyamba anaomberedwa n'kufa. Omary anapulumuka. Mu Meyi 2019, mlembi wamkulu wa United Nations, António Guterres, anapereka kwa banja la Chitete mendulo ya Captain Mbaye Diagne, ulemu wapamwamba kwambiri wa osungitsa mtendere. Aka kanali koyamba kuti menduloyi iperekedwe kwa munthu wina chiiperekere kwa banja la Diagne mwiniwake mu 2016.

Mabala a m'maganizo sanalandirepo ulemu wotere. Pa nkhondo yoyamba ya dziko lonse, gulu lankhondo la Britain linapha ndi mfuti asilikali ake 306 pa milandu monga kuthawa nkhondo ndi mantha. Ena mwa iwo anali atasokonezeka mutu ndi mabomba. Boma la Britain linadzawakhululukira mu 2006. Matenda obwera munthu akaona zoopsa, amene madokotala amawatchula kuti PTSD, analowa m'buku la matenda a maganizo la ku America mu 1980 mokha. Choncho kwa zaka zambiri msilikali wosweka mtima ankaonedwa ngati wamantha, ndipo womuthandiza sankaonedwa ngati wachita chamuna chilichonse.

Kusintha kunayamba chifukwa cha maliro. Mu 2012 asilikali a America 349 anadzipha, chiwerengero choposa cha amene anafera pankhondo ku Afghanistan chaka chomwecho. Magulu ankhondo a dzikolo analimbikira kuphunzitsa msilikali aliyense kuyang'anira mnzake, ndipo akuluakulu ena anayamba kupereka mamendulo ndi makalata oyamikira kwa amene aletsa mnzawo kudzipha. 

Zimene zimamufikitsa msilikali pamenepo

Anthu ambiri amaganiza kuti msilikali amadzipha chifukwa cha zimene anaona kunkhondo basi. Zoona zake n'zakuti nkhondo ndi gawo chabe. Kafukufuku wamkulu wa asilikali a ku America amene anafalitsidwa mu 2013 anapeza kuti zimene zinkayenderana kwambiri ndi kudzipha zinali matenda ovutika maganizo ndi uchidakwa, osati kupita kunkhondo pakokha. Ambiri mwa odziphawo anali asanaponde n'komwe bwalo lankhondo. Izi sizikuchepetsa ululu wa amene anachita ntchito zowawa. Asilikali athu analondera njanji ya Nacala pa nkhondo ya ku Mozambique, anatumizidwa ku Congo mu 2013, anataya anzawo asanu ndi mmodzi ku Beni mu 2018 ndi ena atatu pa nkhondo yolimbana ndi zigawenga za M23 mu Januwale 2025, ndipo anafukula mitembo m'matope namondwe Freddy atawomba mu Malichi 2023. Zoterezi sizichoka m'mutu ndi kuvula yunifomu.

Katswiri wa maganizo Thomas Joiner anafotokoza mu 2005 kuti ngozi imakula zinthu zitatu zikakumana. Choyamba, munthu amadzimva kuti ali yekha, alibe gulu. Chachiwiri, amadziona ngati katundu wolemetsa abale ake. Chachitatu, amakhala atazolowera ululu ndi imfa moti saziopanso. Chachitatuchi n'chimene chimasiyanitsa msilikali ndi anthu ena ambiri, chifukwa maphunziro ake amamuchotsa mantha dala, ndipo chida chimakhala pafupi. Zikangowonjezekerapo ziwiri zoyambazo, nthawi yochitirapo kanthu imachepa.

Ku Kasungu, kudziona ngati katundu kawirikawiri kumabwera ndi ndalama. Msilikali ndiye amene amalandira malipiro mwezi ndi mwezi, choncho banja lonse limayang'ana iye. Nthawi ya nazale amatumiza za mbewu ndi mankhwala. Mvula ikagwa amatumiza za feteleza ndi za aganyu. Nthawi yothyola ndi kusoka fodya amatumiza zokonzera chigafa ndi chakudya cha matenanti. Kuti akwanitse amatenga ngongole yodulidwa pa malipiro, ndipo ikapanda kukwana amalowa katapila. Chiyembekezo chonse chimakhala pa msika wa Chinkhoma. Mabelo akabwezedwa kapena akagulidwa motchipa, kampani ikadula ngongole ya zipangizo, chotsala sichifika pa zimene anakongola. Kwacha itagwa ndi 25 peresenti mu Meyi 2022 ndi 44 peresenti mu Novembala 2023, feteleza anakwera koma ngongole sizinakhululukidwe. Kuwonjezera pamenepo pali kusamvana m'banja chifukwa chokhala kutali miyezi yambiri, mlandu wa kuntchito, mowa, ndi kupuma pantchito kumene kumamuchotsa munthu pakati pa anzake tsiku limodzi.

Pamwamba pa zonsezi pali mawu amene mwana wamwamuna amakula akumva, akuti mwamuna salira. Ku usilikali mawuwa amalemera kawiri. Apolisi a dziko lino analengeza mu 2020 kuti imfa zodzipha zinakwera ndi 57 peresenti poyerekeza ndi miyezi yomweyo ya 2019, ndipo oposa 90 mwa anthu 100 alionse anali amuna. Bungwe la WHO limati anthu oposa 700,000 amadzipha chaka chilichonse padziko lonse, ndipo chigawo cha Africa ndicho chili pamwamba tikayerekeza ndi kuchuluka kwa anthu.

Chifukwa chake mnzake ndiye wofunika

Msilikali wovutika sathamangira kwa dokotala. Amaopa kuti zilembedwa mufayilo, amulanda mfuti, amuchotsa pamndandanda wa opita ku ntchito ya kunja kumene kuli ndalama, kapena sakwezedwanso pa udindo. Amene amaona kusintha ndi wogona naye chipinda chimodzi ndi wolondera naye usiku. Iyeyu ndiye amazindikira kuti munthu amene ankakonda bawo ndi mpira tsopano amangokhala pabedi, nsima akuisiya m'mbale, nsapato sakupukutanso. Amaona akugawa wailesi ndi jekete lake popanda chifukwa, akubweza tingongole tating'ono, akunena kuti "mudzandionere ana." Amaonanso munthu amene wakhala wokhumudwa milungu yambiri atangoti phee mwadzidzidzi ngati wapeza yankho. Zizindikiro zoterezi mkulu wa asilikali sazionera pa perete.

Nzeru imeneyi makolo anaidziwa kale pamene ankati mnzako akapsa ndevu m'zimire. Magulu ankhondo ena angoiika m'dongosolo. Asilikali a Royal Marines ku Britain anayambitsa njira yotchedwa TRiM, yophunzitsa asilikali wamba kucheza ndi anzawo pakachitika zoopsa ndi kuzindikira ofunika dokotala. Gulu lankhondo la America limaphunzitsa masitepe atatu: funsa, samala, perekeza. Ku Zimbabwe, dokotala Dixon Chibanda anaonetsa kudzera mu Friendship Bench kuti agogo ophunzitsidwa bwino angathe kuchepetsa kuvutika maganizo kwa anthu pongocheza nawo mwadongosolo pabenchi ya pachipatala.

Maganizo a ovomereza

Ovomereza mendulo amati gulu lankhondo limaphunzitsa anthu ake kudzera mu zimene limalemekeza. Msilikali wachinyamata amayang'ana pachifuwa cha sajeni wake n'kudziwa zimene zimawerengedwa. Ngati ulemu wonse ukupita kwa odziwa kuombera ndi kuthamanga, kufunsa mnzako za mumtima kumaoneka ngati ntchito ya abusa ndi anamwino. Mkulu wa batalioni akaimirira n'kuyamikira poyera amene anaperekeza mnzake kuchipatala, aliyense amamva kuti nkhaniyi ndi yololedwa kuikamba.

Amanenanso kuti ntchitoyi imafuna kulimba mtima kwenikweni. Wofunsayo angathe kudedwa ndi mnzake, kutchedwa kazitape, kapena kukumana ndi munthu woledzera amene ali ndi chida. Ngati wovutikayo ndi wamkulu pa udindo, wamng'onoyo amaika ntchito yake pachiswe. Pomaliza amatchula zimene ofufuza za nyuzipepala anapeza ku Austria mu 2010, zoti nkhani za anthu amene anadutsa m'nyengo yofuna kudzipha n'kupulumuka zimayenderana ndi kuchepa kwa imfa zotere, pamene nkhani zofotokoza imfa mwatsatanetsatane zimaziwonjezera.

Maganizo a otsutsa

Otsutsa ali ndi mfundo zinayi zolemera. Yoyamba ndi chinsinsi. M'balaki anthu amadziwana. Ukangoyamikira Kopolo wakuti kuti anapulumutsa mnzake mwezi watha, aliyense amadziwa kuti mnzakeyo ndani, ngakhale dzina lisatchulidwe. Manyazi amene munthu ankathawa amamupeza pa perete. Ena oona zimenezi angasankhe kusauza aliyense.

Yachiwiri ndi yakuti kusamala mnzako ndi udindo, osati chinthu chapadera. Akuti mphotho ingasandutse ubwenzi kukhala malonda, mwinanso kuchititsa ena kukokomeza nkhani kuti aoneke. Munthu wosweka mtima akakayikira kuti womumverayo akufuna mendulo, amatseka pakamwa.

Yachitatu ikukhudza amene anayesetsa koma mnzawo n'kufabe. Mendulo ya mmodzi ingamveke ngati chiweruzo kwa winayo. Komatu ofufuza amene anaunika mu 2017 kafukufuku wa zaka 50 anapeza kuti ngakhale akatswiri amalosera amene adzadziphe mongoposa pang'ono kungoganizira. Si chilungamo kusenzetsa msilikali wamba mlandu umene madokotala nawonso amalephera.

Yachinayi ndi yakuti mendulo ndi yotchipa kuposa chipatala. Akuluakulu angathe kugawa ulemu n'kumaoneka ngati achitapo kanthu, chonsecho alangizi kulibe, tchuthi sichiperekedwa, ndipo ngongole zikudya malipiro onse.

Zimene zikudziwika ndi zimene zikadali pamkangano

Pali mfundo zimene umboni wake ndi wolimba. Kufunsa munthu mosapita m'mbali ngati akuganiza zodzipha sikumuika maganizowo m'mutu. Kuunika kwa kafukufuku wosiyanasiyana kumene kunafalitsidwa mu 2014 kunatsimikiza zimenezi, ndipo nthawi zambiri wofunsidwayo amapepukidwa. Nyengo yoopsa kwambiri imakhala yaifupi, ndipo opulumutsidwa ambiri sadzafanso ndi kudzipha. Richard Seiden anatsatira anthu 515 amene analetsedwa pa mlatho wa Golden Gate ku America, ndipo mu 1978 anapeza kuti pafupifupi 94 mwa 100 alionse anali moyo kapena anamwalira ndi matenda wamba patapita zaka zoposa makumi awiri.

Kutalikitsa munthu ndi chida kumapulumutsa. Mu 2006 gulu lankhondo la Israel linaletsa asilikali kupita ndi mfuti kunyumba kumapeto kwa sabata, ndipo kudzipha kunatsika ndi pafupifupi 40 peresenti. Sri Lanka italetsa mankhwala a mbewu oopsa kwambiri, imfa zodzipha zinatsika ndi pafupifupi 70 peresenti kuchokera mu 1995. Phunziro limeneli ndi lofunika kwambiri m'dera la fodya, kumene mankhwala a ku nazale ndi a m'nkhokwe amasungidwa m'nyumba zogona.

Zikudziwikanso kuti dongosolo lathunthu limagwira ntchito. Gulu lankhondo la mumlengalenga la America linayamba pulogalamu yokhudza atsogoleri, maphunziro, chinsinsi ndi chithandizo chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990. Kafukufuku wofalitsidwa mu 2003 anapeza kuti kudzipha kunatsika ndi 33 peresenti. Kafukufuku wotsatira anaonetsa kuti chiwerengero chinakweranso mu 2004, pamene pulogalamuyo sinkatsatidwa mokwanira.

Chimene akatswiri sanagwirizane n'chakuti gawo lililonse palokha limathandiza motani. Maphunziro ozindikira zizindikiro amawonjezera chidziwitso ndi kulimba mtima kwa ophunzirawo, koma umboni woti paokha amachepetsa maliro ndi wofooka. Mendulo nayo imaperekedwa pamodzi ndi zinthu zina zambiri, choncho n'kovuta kuloza kuti moyo uwu wapulumuka chifukwa cha ulemu umene wina analandira. Pali kusiyana maganizonso pa chinsinsi. Mkulu wa asilikali ayenera kudziwa ngati munthu wake sangagwire mfuti, koma akadziwa zambiri anthu amaleka kupita kwa dokotala. America inayesa kuthetsa vutoli ndi lamulo la Brandon Act la 2021, lolola msilikali kupempha kuonana ndi dokotala wa maganizo popanda kufotokozera mkulu wake chifukwa.

Lamulo, mpingo ndi mudzi

Ulemu sungagwire ntchito pamene wopulumutsidwa akuopa unyolo. Gawo 229 la Penal Code, lamulo limene tinalandira kwa atsamunda, linaika kuyesa kudzipha m'gulu la milandu, ndipo anthu akhala akuimbidwa mlandu m'makhoti athu chifukwa cha zimenezi. England, kumene ganizoli linachokera, inalichotsa mu 1961. Ghana inalichotsa mu 2023, ndipo khoti lalikulu la Kenya linagamula mu Januwale 2025 kuti gawo lotere likutsutsana ndi malamulo oyendetsera dziko. Kuno kwathu, mu 2025 Nyumba ya Malamulo inavomereza lamulo latsopano la thanzi la m'maganizo lolowa m'malo mwa Mental Treatment Act ya 1948. Koma mantha amene anthu anakula nawo satha tsiku limene lamulo lasintha. Msilikali sangaperekeze mnzake ndi mtima wonse ngati akuganiza kuti akumupereka ku mlandu.

Kumudzi nako, maliro a wodzipha akhala akuyendetsedwa mwamanyazi, ndipo mipingo ina inkakana mwambo wonse wa mapemphero. Cholinga chinali kuopseza ena, koma zotsatira zake n'zakuti mabanja amabisa vuto mpaka litafika poipa. Mafumu, abusa, mashehe ndi abusa a asilikali ali ndi mphamvu yosintha zimenezi pophunzitsa kuti kuvutika maganizo ndi matenda ochizika.

Momwe ulemu ungaperekedwere bwino

Tikaika mfundo za mbali zonse pamodzi, njira yanzeru ikuoneka. Choyamba, wopulumutsidwa ndiye ayambe kufunsidwa. Akakana kuti nkhani ituluke, ulemu uperekedwe mu ofesi ya mkulu wa batalioni ndipo ulembedwe mufayilo ya wothandizayo kuti udzawerengedwe pokweza maudindo. Chachiwiri, papite nthawi, ndipo mawu oyamikira asatchule tsiku, malo kapena njira. Chachitatu, choyamikiridwa chikhale zimene munthu anachita, osati zotsatira zokha. Amene anafunsa, anakhala ndi mnzake ndi kumuperekeza wachita zoyenera ngakhale zinthu zitadzaipa pambuyo pake, ndipo iyenso afunika uphungu. Chachinayi, mphotho isakhale ndalama. Mendulo zapamwamba zisungidwire amene anaika moyo wake pangozi, monga kulanda chida, pamene kalata yoyamikira ikwanira pa zina. Chachisanu, amene anapempha yekha thandizo asalangidwe pa ntchito, ndipo akachira abwerere pa udindo wake. Anzake akaona zimenezi ndi maso awo amakhulupirira kuposa mawu a pa perete.

Mfundo zomwezi zikugwira kwa apolisi, oyang'anira ndende, alonda a nyama a ku Kasungu National Park amenenso amanyamula mfuti, ngakhalenso makalabu a alimi a fodya.

Zoyenera kuchita mnzako akafika pamenepo

Mutengere pambali n'kumufunsa momveka kuti, "Achimwene, kodi mukuganiza zodzipha?" Mumvetsere osamudula, osamulalikira, osamuseka. Usalonjeze kusunga chinsinsi pa nkhani ya moyo. Usamusiye yekha. Onetsetsa kuti mfuti yabwezedwa kosungira zida, ndipo ngati muli kumudzi, mankhwala a mbewu atsekeredwe kwina ndipo kiyi asunge munthu wina. Mowa uchotsedwe. Kenako pita naye wekha kwa dokotala wa pabalaki, kwa m'busa wa asilikali kapena ku chipatala cha boma cha Kasungu. Ofunika chithandizo chapadera amatumizidwa ku St John of God ku Mzuzu kapena ku Lilongwe, kapenanso ku Zomba Mental Hospital. Akatuluka m'chipatala upitirize kumuyendera, chifukwa milungu yoyamba atatuluka ndi nthawi imene ngozi imakhala yaikulu. Ngati gwero ndi ngongole, khalani pansi ndi abale n'kuona zimene zingakambidwenso ndi obwereketsa.

Yankho la funso lathu ndi lakuti inde, msilikali woletsa mnzake kudzipha ayenera kulemekezedwa, pakuti wasunga moyo umene dziko linauphunzitsa ndipo banja likuudalira. Koma ulemuwo uli ndi phindu pokhapokha ngati ukuteteza chinsinsi cha wopulumutsidwa, sukuweruza amene analephera, ndipo kumbuyo kwake kuli dokotala, mlangizi ndi mkulu wa asilikali wokonzeka kumulandiranso munthuyo pantchito. Akuluakulu a asilikali, a zaumoyo ndi opanga malamulo ayambe ndi kukonza zimenezi, kenako mendulo idzakhale umboni wa ntchito imene ikuchitikadi.